Kapasita Yotupa ndi Zolozera za pa Galafu

M'kabati ya tebulo langa ndimasungamo kapasita yaing'ono, yausinkhu wa chala cha kaninse, yotupa pamutu ndiponso yothimbirira m'mbali. Siigwiranso ntchito, ndipo bambo wosesa m'chipinda chathu adafuna kuitaya kawiri konse. Ndimaisunga chifukwa ndiyo idandisonyeza cholakwa chimene ndidakhala ndikuchita m'kaphunzitsidwe kanga kwa zaka zitatu popanda kuzindikira. Nkhaniyi ndalembera aphunzitsi anzanga amene amaphunzitsa za magetsi pogwiritsa ntchito kompyuta, ndiponso ophunzira uphunzitsi amene posachedwapa adzaima okha kutsogolo kwa kalasi.

Pa koleji pathu tili ndi osilosikopu imodzi yokha, makina aja oonetsa mafunde a magetsi pa galasi, pamene ophunzira m'kalasi mwanga amakwana 30. Kale ndinkawaitana asanuasanu kuti adzasuzumire, otsalawo nkumangocheza. Tsono titalandira makompyuta khumi, ndidaikamo pulogalamu yotchedwa LTspice. M'pulogalamu imeneyi munthu amajambula seketi yake pa sikirini, nauza kompyuta kuti iwerengere m'mene magetsi adzayendere, ndipo yankho limatuluka ngati galafu, nthawi ikuyenda chopingasa, mavoliti akuyenda chokwera. Gwero lake ndi pulogalamu ya SPICE, imene Laurence Nagel adakonza moyang'aniridwa ndi Pulofesa Donald Pederson pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo idalengezedwa mu 1973. LTspice idalembedwa ndi Mike Engelhardt ku kampani ya Linear Technology, imene idagulidwa ndi Analog Devices mu 2017, ndipo munthu aliyense angathe kuitenga kwaulere. Kwa mphunzitsi wosowa zipangizo ngati ine, kufika kwake kudali ngati mvula yoyamba ya m'mwezi wa Novembala.

Galafu payokha ndi chithunzi chabe. Kuti mupezepo muyeso pamafunika cholozera. Mukadina dzina la mzere pamwamba pa galafu, pamatuluka timizere tiwiri todukizadukiza topingasana ngati mtanda. Pulogalamuyo imatitcha cursor, koma ine ndi ophunzira anga timati cholozera. Mumachikoka ndi mausi, kapena kuchisendeza pang'onopang'ono ndi mabatani a mivi, ndipo kabokosi kapambali kamakuuzani nthawi ndi mavoliti a pamalo pamene chaima. Mukadina dzina lomwelo ndi batani la kumanja la mausi, mungathe kusankha zolozera ziwiri. Pamenepo kabokosiko kamaonetsa kusiyana kwa malo awiriwo, kutsetsereka kwa mzere pakati pawo, ndiponso kuti nthawi yapakatiyo ingakwane kangati m'sekondi imodzi. Palinso njira zachidule. Mukapanikiza Ctrl nkudina dzina la mzere, mumalandira avereji ndi RMS ya zimene zikuoneka pa galafu. Mukapanikiza Alt nkudina rezisita kapena dayodi m'seketi, pamatuluka mzere wa mphamvu imene chipangizocho chikudya. Mukadina pa waya mmodzi nkukokera mausi pa waya wina musanatukule chala, mumaona mavoliti a pakati pa mawaya awiriwo.

Zonsezi ndidazilemba pa tchati chachikulu nkuchikhoma pakhoma. Ophunzira adazikopera m'makope mwawo, nazilowezanso pamtima. Pasanathe milungu itatu, zala zawo zidayamba kuthamanga kuposa zanga. Ndikafunsa kuti nsonga ya funde ili pa mavoliti angati, manja ankakwera funsolo lisanathe, ndipo yankho linkabwera ndi manambala anayi pambuyo pa kadontho. Ndinkabwerera kunyumba wokhutira, poganiza kuti liwiro limenelo ndilo umboni wa kumvetsa.

Chaka chachinayi ndidaganiza zoti tisamangojambula, koma timange ndithu chimene tajambulacho. Ntchito yake idali yodziwika kwa aliyense wophunzitsa phunziroli: kusandutsa magetsi a m'nyumba, a mavoliti 230 amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi, kuti akhale magetsi ochepa oyenda mbali imodzi, ngati a batire. Tidali ndi thiransifoma yolembedwa kuti imatulutsa mavoliti 9, madayodi anayi olumikizidwa ngati mlatho, kapasita ya mamaikolofaladi 1000 yosalazira mafunde, ndi rezisita ya maohmu 100 yoimira katundu. Monga zaka zonse, ndidalemba pa bolodi ndi dzanja langa mawu oyenera kuikidwa pa gwero la magetsi m'pulogalamu: SINE(0 9 50). Magulu onse khumi adakopera. Magalafu adatuluka okongola, mzere wobiriwira ukukwera msanga kenaka nkumayenda ndi timafunde tating'ono pamwamba. Zolozera zidaikidwa pansonga, ndipo gulu lililonse lidapeza mavoliti pafupifupi 7.5.

M'nyumba yosungiramo zipangizo mudali makapasita a mitundu iwiri: ambiri olembedwa mavoliti 10, ndi ochepa olembedwa mavoliti 25 amene ndinkawasungira mayeso. Ndidafunsa kalasi kuti tisankhe ati. Onse adati a 10 ngokwanira, popeza 7.5 ndi wochepera 10 ndipo mpata ulipo. Ndidavomera, ndipo ndidawayamikira kaamba ka kuganiza mosamala chuma.

Lachisanu masana gulu loyamba lidamaliza kumanga. Tidalumikiza ku magetsi tisanaike rezisita ija, kuti tiyambe taona ngati zonse zili bwino. Mnyamata wina adawerama, nkhope yake ili pafupi kwambiri ndi seketiyo, akuyang'ana ngati madayodi aloza koyenera. Patapita mphindi zingapo ndidamva kafungo kachilendo, kenaka kaphokoso ngati ka nkhuni yaiwisi pamoto. Ndidamukankhira mnyamatayo pambali nkuzula pulagi. Mutu wa kapasita udali utatupa, utang'ambika potsata timizere timene opanga amalemba dala pamwamba pake kuti mpweya uzitulukira pamenepo, ndipo timadzi tabulauni tinkatuluka. Palibe adavulala. Koma usiku umenewo sindidagone bwino, poganizira za maso a mwana wa eni amene adali pafupi ndi kapasita ija mwa chilolezo changa.

Mawu anga oyamba pamaso pa kalasi sadali a nzeru. Ndidati zipangizo za masiku ano nzosalimba, ndipo mwina kapasitayo idakhalitsa m'bokosi. Ophunzira ambiri adagwedeza mitu movomereza, pakuti mphunzitsi akanena wanena. Koma titaika kapasita ya mavoliti 25 nkuyeza ndi mita, tidawerenga 13.6. Kompyuta idati 7.5, mita ikuti 13.6. M'chipindamo mudangoti zii.

Amene adathetsa bata adali mayi wina wokhala kumbuyo, wosakonda kulankhula, amene adaphunzitsapo zaka zingapo ku pulayimale asanabwere ku koleji. Adaimirira nati, "Pepani aphunzitsi, ndili ndi kafunso. Kodi 9 amene talemba m'kompyuta uja ndi wa pansonga, kapena ndi RMS imene mudatiphunzitsa teremu yatha ija?"

Ndidati, "Bwerani amayi, mudzationetse."

Adakhala pa kompyuta modekha. Adakoka mausi kuchokera ku waya mmodzi wa gwero kufika ku unzake, kuti funde la gwerolo lioneke lokha. Galafu idali ya mamilisekondi 100, ndiye kuti mafunde asanu athunthu. Adapanikiza Ctrl nadina dzina la mzere. Kabokosi kadatuluka: RMS, mavoliti 6.36. Gwero limene tonse tinkaliyesa la mavoliti 9 lidali la 6.36 basi.

Chidachitika nchiyani? Nambala yolembedwa pa thiransifoma ndi RMS, ndiye kuti mavoliti a batire amene angatenthetse waya mofanana ndi magetsi osinthasinthawo. Nambala imene pulogalamu imafuna m'mawu a SINE ndi kutalika kwa nsonga, ndipo nsonga ya funde lotere imaposa RMS ka 1.414. Thiransifoma ya mavoliti 9 imafika pa 12.7 pansonga. Kuchotsapo pafupifupi 1.4 amene amatayika m'madayodi awiri, patsala 11.3, amene apitirira kale malire a kapasita yathu. Kuwonjezera apo, thiransifoma yaing'ono ikakhala yopanda katundu imatulutsa mavoliti oposa olembedwawo. Yathu titaiyeza idatulutsa 10.5, amene nsonga yake ndi 14.8, ndipo ndi m'mene 13.6 uja adabwerera. Masamu onsewa ndidawaphunzitsa ndine ndemwe. Njira yachidule yoululira cholakwacho idali pa tchati changa, mzere wachitatu kuchokera pamwamba. Ophunzira 30 ndi mphunzitsi wawo ankaidziwa pamtima, koma palibe adaigwiritsa ntchito, chifukwa palibe adali ndi funso lofuna yankho.

Cholozera sichidaname. Chidayeza molondola seketi imene tidajambula, kungoti seketi imene tidajambulayo siidali imene tidamanga. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo galafu ya pa kompyuta ndi mkuyu wokongola kwambiri: mizere yake njosalala, manambala ake ngaatali, ndipo maonekedwe ake amakhala amodzimodzi kaya zimene mwalowetsa nzoona kaya nzolakwika. Chidandiwawa koposa nchakuti magulu atatu a zaka zam'mbuyo adachoka pa koleji ndi 7.5 yemweyo m'makope mwawo, ndipo ena mwa iwo adali akuphunzitsa kale. Ndidalembera onse amene ndidatha kuwapeza, kuwauza kuti akonze tsamba limenelo ndi kuti cholakwacho chidali changa.

Kuyambira pamenepo ndidaika lamulo limodzi m'kalasi mwanga: cholembera chiyambe, mausi atsatire. Wophunzira asanaike cholozera paliponse, alembe m'kope zinthu zitatu. Choyamba, chimene akufuna kuyeza. Chachiwiri, nambala imene akuyembekeza kupeza. Chachitatu, chifukwa chake. Nambalayo siiyenera kukhala yeniyeni, yoyandikira njokwanira. Kenaka ayeze, ndipo ngati ziwirizo zasiyana, asafafanize chilichonse mpaka atapeza chimene chalakwa, kaya ndi iye kaya ndi chojambula chake. Ndifotokozeko m'mene lamuloli limagwirira ntchito pa seketi yomweyi, gwero lake litakonzedwa kukhala SINE(0 12.73 50).

Ndimayamba ndi timafunde ta pamwamba pa mzere wa kapasita. Ndimafunsa kuti pakati pa nsonga ziwiri zoyandikana pali nthawi yaitali bwanji. Ambiri amalemba mamilisekondi 20, poganizira 50 Hz ya magetsi a m'nyumba. Akaika zolozera ziwiri pa nsonga ziwirizo, kabokosi kamati mamilisekondi 10, ndipo pansi pake 100 Hz. Apa mpamene phunziro limayambira. Kale wophunzira ankangokopera 100 nkupita kwina. Tsopano ali ndi 20 wake m'kope amene akutsutsidwa, ndipo sakhazikika mpaka ataona yekha kuti mlatho wa madayodi umatembenuza theka la pansi la funde kuti likhale pamwamba, kotero kuti kapasita imadzazidwa kawiri pa funde lililonse.

Kenaka timafunsa kukula kwa timafundeto. Rezisita ya maohmu 100 pa mavoliti pafupifupi 11 imakoka maampeya 0.11. Kapasita ya mamaikolofaladi 1000 ikamapereka magetsi amenewa kwa mamilisekondi 10, itsika ndi mavoliti pafupifupi 1.1. Ophunzira amalemba 1.1, naika cholozera china pansonga, china pachigwa, napeza nambala yocheperako pang'ono. Ena amadandaula kuti alakwa. Ndimawauza ayang'anitsitse mzerewo ndi kuyeza nthawi ya kutsika yokha. Amapeza kuti kapasita siitsika kwa mamilisekondi 10 onse, pakuti gawo lina la nthawiyo imakhala ikudzazidwanso. Motero amaphunzira kusiyanitsa kusemphana kumene kuli ndi chifukwa chomveka ndi kusemphana kochenjeza za ngozi.

Njira ya Ctrl ija, imene idatipulumutsa, ili ndi msampha wakewake. Imawerengera zokhazo zimene zikuoneka pa galafu nthawi imeneyo. Ndimauza ophunzira alembe avereji ya funde la gwero. Onse amalemba ziro, ndipo nzoona, pakuti theka la pamwamba ndi la pansi zimafafanizana. Tsono ndimawauza akulitse galafu kuti ionetse mamilisekondi 25 oyamba okha, nadinenso. Kabokosi kamati mavoliti 1.62. Funde silidasinthe, chasintha ndi zenera, limene tsopano lili ndi funde limodzi lathunthu ndi kachigawo kena kapamwamba kopanda mnzake. Wophunzira amene adaona zimenezi kamodzi saiwala kuwerenga mafunde a m'zenera asanakhulupirire avereji. Saiwalanso kuchotsa chiyambi cha galafu, pamene kapasita imakhala isanadzale, akamafuna avereji ya seketi yokhazikika.

Njira ya Alt idationetsa ngozi yachiwiri imene tidaipewa mwamwayi tsiku lija. Mukadina rezisita mutapanikiza Alt, kenaka nkudina dzina la mzere watsopanowo mutapanikiza Ctrl, mumapeza avereji ya mphamvu imene rezisitayo ikusandutsa kutentha. Pa seketi yathu ndi yoposa wati imodzi. Marezisita amene tidali titakonza pa tebulo adali aang'ono aja opirira gawo limodzi mwa magawo anayi a wati. Tikadafika powalumikiza, nawonso akadapsa. Masiku ano palibe gulu limene ndimalilola kutenga chipangizo chilichonse m'nyumba yosungiramo lisanandionetse nambala ziwiri pa chipangizocho, yowerengera pamanja ndi ya pa galafu.

Pali tinthu tina tiwiri timene ndimatchula mwachidule. Kompyuta siiwerengera malo onse a funde. Imawerengera madontho angapo nkuwalumikiza ndi timizere towongoka. Mukakulitsa nsonga nkuona kuti ili ndi ngodya ngati denga la nyumba, dziwani kuti madonthowo atalikirana, ndipo cholozera chikhoza kuphonya nsonga yeniyeni. Mankhwala ake nkuchepetsa sitepe ya nthawi m'lamulo la .tran, mwachitsanzo kufika pa mamaikolosekondi 10. Kachiwiri ndi ka zilembo. M'chinenero cha SPICE chilembo M, kaya chachikulu kaya chaching'ono, chimatanthauza gawo limodzi mwa magawo 1000. Wofuna miliyoni alembe Meg. Chilembo F chimatanthauza femto, kachigawo kakang'ono zedi, kotero kuti wolemba 1F pa kapasita walemba chinthu chosaoneka nkomwe. Wophunzira amene ali ndi nambala yoyembekeza m'kope amagwira zolakwa zoterezi msanga, pamene wopanda nambalayo amaziyeza mosamala nkuzipereka kwa mphunzitsi.

Tchati chija ndidachichotsa pakhoma. Chifukwa china nchakuti mabatani amasintha: pofika LTspice 24, ena mwa iwo adasinthidwa, ndipo kujambula waya kumene tinkachita ndi F3 kudapita pa W. Woloweza mabatani okha amasokonezeka pulogalamu ikasintha, pamene wodziwa funso lake amafufuza batani latsopano nkupitiriza ntchito. Tsopano njira yachidule iliyonse ndimaiphunzitsa pa tsiku limene kalasi yafika pa funso loifuna, osati kale.

Pa kompyuta iliyonse pamakhala anthu atatu: wolosera, wogwira mausi, ndi wolemba zotuluka. Amasinthana pa muyeso uliwonse. Ndidachita izi nditaona kuti mausi amakonda kukakamira m'dzanja la munthu mmodzi, kawirikawiri mnyamata wozolowera kompyuta, pamene oganiza mofatsa ngati mayi uja amangoonerera. Wogwira mausi saloledwa kudina mpaka wolosera atanena nambala yake mokweza, wolemba nkuilemba.

Ambiri mwa ophunzira athu adzapita ku sukulu zopanda kompyuta, ndipo ngakhale kwathu kuno magetsi amazima. Tsiku lotero ndimajambula funde lalikulu pa bolodi, ndi manambala ake m'mbali, nkupatsa ophunzira awiri mabango awiri owongoka. Amenewo ndiwo zolozera. Wina amaimika bango lake pansonga yoyamba, wina pa yachiwiri, kalasi nkuwerenga kusiyana kwake ndi kuwerengera yokha kuti nthawiyo ikwana kangati m'sekondi. Ndaona kuti amene adayamba ndi mabango amamvetsa kabokosi ka pa kompyuta msanga, popeza adagwirapo ndi manja ntchito imene kabokosiko kamachita.

Sindibisa kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Imachedwetsa. Kale tinkayeza maseketi anayi pa phunziro limodzi. Tsopano timamaliza awiri, nthawi zina imodzi. Mphunzitsi mnzanga amene timagawana naye phunziroli adandiuza mosabisa kuti silabasi siidikira munthu, ndipo kuti kompyuta idabwera kudzachepetsa masamu, osati kudzawachulukitsa. Mawu akewo ali ndi nzeru, ndipo teremu ina ndidalepheradi kufika pa mutu womaliza. Ophunzira ena nawonso amaopa kulemba nambala yolosera, poopa kusekedwa ikalakwika. Kaamba ka ichi sindichotsa malikisi pa kulosera kolakwika. Ndimachotsa pa kope limene mulibe kulosera, kapena limene muli kusemphana kosafotokozedwa. Komabe ndikayerekeza mitu imene tasiya ndi nkhope ya mnyamata uja itawerama pa kapasita, ndimasankha kuchedwa.

Tsiku loyamba la kalasi yatsopano ndimatulutsa kapasita yotupa ija m'kabati, nkuipereka kuti iyende m'manja mwa onse. Ndimawauza nkhani yake yonse, osasiya gawo la mphunzitsi amene adalemba 9 pa bolodi nkunamizira chipangizo. Ena amaseka, ena amadabwa kuti ndikudziulula. Ndimawauza kuti nawonso tsiku lina adzalemba cholakwa pa bolodi, ndipo adzapulumuka pokhapokha ngati adzakhale ataphunzitsa ana awo kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Kwa inu aphunzitsi anzanga pempho langa ndi laling'ono. Pa phunziro lanu lotsatira, wophunzira akatambasula dzanja kuti aike cholozera pa galafu, mugwireni pa phewa, mumufunse kuti akuyembekeza kupeza nambala yanji, ndipo mudikire mpaka ailembe.